Diso la Kumwamba Pofunafuna Golide

Kuyambira kalekale, monga buku la Yobu lichitira umboni pa mutu 28, mwana wa munthu wakhala akuboola mapiri ndi kusanthula mitsinje pofuna golide. Koma m'chaka cha 1972, pamene dziko la America lidatumiza m'mlengalenga setilaiti yoyamba ya Landsat, akatswiri a miyala adalandira diso latsopano, lotha kuyang'ana dera lalikulu nthawi imodzi, munthu asanapondeko phazi.

Tineneretu poyera, pakuti ambiri asokeretsedwa: setilaiti siiona golide. Mgodi ungathe kupindulitsa mwini wake ngakhale tani yathunthu ya miyala itangopereka magalamu awiri kapena atatu, ndipo kanthu kochepa chotere palibe kamera ingakaone kuchokera pa makilomita 705, kumene inkayenda setilaiti ya Terra. Chimene imaona ndi zipsera. Kale lomwe, madzi otentha ochokera pansi pa dziko, amene adanyamula golide namusiya m'ming'alu ya matanthwe, adawaula miyala ya m'mbali mwake, naisandutsa dongo la kaolinite ndi mwala wa alunite, kenaka mvula ya zaka zosawerengeka idachititsa dzimbiri chitsulo cha m'menemo. Ndipo popeza mwala uliwonse umameza gawo lake la kuwala kwa dzuwa ndi kubweza lotsala, makamaka kuwala kosaoneka ndi maso a munthu, makina amauzindikira monga mlimi azindikira mbatata yokhwima poona mng'alu pamzere. Chipangizo cha ku Japan chotchedwa ASTER, chimene chidakwera ndi Terra mu 1999, chidapangidwa kuti chizigawa kuwala m'magawo 14. Ndipo ku Cuprite, m'chipululu cha Nevada, kumene njira zotere zayesedwa zaka zambiri, mapu amasiyanitsa mwala ndi unzake pa phiri limodzi lomwelo.

Komatu Nevada ndi dziko lambee. Kwathu kuno ku Malawi udzu, mitengo ndi katondo wokuya zimafunditsa thanthwe, kotero kuti diso la kumwamba limathera pa masamba. Apa m'pamene idagona nzeru ya kafukufuku wa Kauniuni, amene zotsatira zake boma la Malawi lidatulutsa mu 2015: ndege zowuluka chapansipansi zidayeza mphamvu ya maginito ndi cheza cha miyala m'dziko lonse, ndipo maginito sabisika ndi nkhalango.

Ngakhale zili choncho, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mapu amangoloza pofunika kupita; katswiri ayenerabe kufikapo ndi nyundo, kutola miyala, kuboola pansi, ndi kuyezetsa zotulukazo ku labotale. Abale athu amene akusefa mchenga ku Makanjira ndi m'chigwa cha Lisungwe, nakumba maenje akuya mongoyerekeza, akusowa nzeru imeneyi koposa wina aliyense. Tikupempha a nthambi yofufuza za miyala ku Zomba kuti atsike nawo mapuwo kumidzi, akawamasulire pamaso pa mafumu ndi anthu awo m'chinenero chimene amamva.