Gitala yokopera ilibe mlandu, chenjerani ndi ya dzina lakuba

Mukalowa m'tchalitchi chomwe chili ndi bandi Lamulungu m'mawa, kaya ndi ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, tayang'anitsitsani gitala yomwe mnyamata wa lidi wakoleka paphewa. Kawirikawiri imakhala ya nyanga ziwiri ngati Stratocaster, apo ayi ya thupi lonenepa ngati Les Paul. Koma mukafufuza komwe idachokera, mupeza kuti ambiri mwa magitalawa sadapondeko m'fakitale ya Fender kapena Gibson ku America. Ndi okopera, opangidwa ku China kapena ku Indonesia, ndipo adafika kuno kudzera ku Johannesburg, ku Dar es Salaam kapena m'katundu wa m'bale wochokera ku UK.

Oimba ena amachita nawo manyazi, amvekere ndi yachitchaina iyi, tikungogwirizira. Manyaziwo ngosafunika. Gitala yokopera ikakhala ndi khosi lowongoka n'kumagwira tchuni, ntchito imaigwira ndithu. Yoyenera kuiopa ndi ina, yomwe yavala dzina la eniake kuti ikubereni ndalama.

Kukopera magitala sikudayambe lero. Gibson idatulutsa Les Paul mu 1952, ndipo Leo Fender, yemwe adayamba ngati wokonza mawailesi ku Fullerton ku California, adatulutsa Stratocaster mu 1954. Fender adafuna gitala yosavuta kupanga yambirimbiri komanso yosavuta kukonza, n'chifukwa chake khosi adalimanga ku thupi ndi masikuluwu anayi basi. Nzeru yomweyo ndi yomwe idapeputsira ntchito okopera.

M'zaka za m'ma 1970, makampani a ku Japan monga Ibanez, Greco ndi Tokai adayamba kupanga magitala ofanana kwambiri ndi a ku America pamtengo wotsika, ena mwa iwo abwino zedi. Mu 1977 kampani ya Norlin, yomwe inali mwini wa Gibson panthawiyo, idasumira ogulitsa Ibanez ku America chifukwa cha kaumbidwe ka mutu wa gitala, ndipo nkhaniyo idathera kunja kwa khoti. Fender idasankha njira ina: mu 1982 idayamba kudzikopera yokha ku Japan pa dzina la Squier. Gibson nayo ili ndi Epiphone, yomwe idagula mu 1957, ndipo lero Les Paul zambiri za Epiphone zimapangidwa ku Qingdao ku China. Mu 2009 bungwe loona za zizindikiro za malonda ku America lidakana pempho la Fender loti thupi la Stratocaster ndi Telecaster likhale chizindikiro chake chokha, ati kaumbidweko kadafala kale kwa aliyense.

Ndiye ngati eniake akudzikopera okha, mwana wa ku Chilomoni achitirenji manyazi? Les Paul Standard yatsopano imadutsa madola 2 000 ku America komweko, musanawerengere zonyamulira ndi msonkho, pomwe Squier yotsika mtengo imayambira cha m'madola 200. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera. Kwa oimba ambiri, gitala yokopera ndiyo khomo lokhalo lolowera. Ndipotu dziko lino lidalera akatswiri ambiri omwe adayambira pa banjo ya chigubu ndi nsambo za waya wa buleki ya njinga.

Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali gitala yofanana ndi Stratocaster kapena Les Paul koma pamutu pake palembedwa dzina la amene adaipanga: Squier, Epiphone, Cort, Harley Benton ndi ena otero. Awa sakunamiza munthu. Ndiye pali feki, yolembedwa Gibson kapena Fender, mwinanso ndi chidindo choti idapangidwa ku USA, chikhalirecho idachokera kufakitale yosadziwika. Oimba kunjaku adaipatsa dzina lachipongwe loti Chibson. Mu November 2024 akuluakulu oona za katundu wolowa ku America adalengeza kuti agwira magitala a Gibson achinyengo oposa 3 000 padoko la Los Angeles ndi Long Beach, omwe akadakhala enieni akadaposa madola 18 miliyoni.

Feki imapweteka kawiri. Wopanga amathera ndalama pa penti yonyezimira ndi dzina, m'kati n'kuikamo zinyalala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kachiwiri, tsiku lomwe mudzafune kuigulitsa mudzasankha pakati poluza ndalama ndi ponamiza mnzanu. Makomiti a m'mipingo omwe amagula zida ndi chopereka cha akhristu asamale kwambiri apa. Chizindikiro chimodzi chosavuta: kachivundikiro kooneka ngati belu pamutu pa Les Paul yeniyeni ya Gibson kamamangidwa ndi masikuluwu awiri, pomwe feki zambiri zimakhala ndi atatu. Koma chizindikiro chachikulu ndi mtengo. Munthu akakutsatsani Gibson yatsopano pamtengo wa foni wamba, thawani.

Nanga yokopera yabwino mungaidziwe bwanji? Masiku ano matabwa amadulidwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, choncho ngakhale gitala yotchipa imatuluka ndi miyezo yolondola. Pomwe mafakitale amadulira ndalama ndi pa zitsulo, mawaya ndi nthawi yosalaza ndi manja. Muyang'ane pamenepo.

Yambani ndi khosi. Ikani diso kumutu n'kuyang'ana motsetsereka ngati mmisiri akuyesa thabwa. Likapindika pang'ono ngati uta, limakonzeka ndi chitsulo chomwe chili m'kati mwake, chija amati truss rod. Koma likapotoka ngati chingwe, isiyeni, mankhwala ake palibe. Kenako yendetsani dzanja m'mbali mwa khosi kuti mumve ngati mafreti, tizitsulo topingasa tija, tikubaya. Imbani nsambo iliyonse pa freti iliyonse, mumvetsere pomwe mawu akufa kapena kuchita phokoso.

Mukatero itchuneni ndi tchuna ya pafoni, muimbe mphindi khumi mokoka nsambo, muonenso ngati yasuntha. Yerekezani nsambo yosagwira ndi yomwe mwadina pa freti ya nambala 12: noti ikhale yomweyo, kungoti yokwera. Ikasiyana pang'ono, timasikuluwu ta pa buliji timakonza. Pomaliza ilumikizeni ku ampulifaya, mupotokole mabatani onse, mugwedeze chingwe polowera. Ma pickup a mtundu wa Stratocaster amalira mng'ung'udzo pang'ono mwachibadwa chifukwa amatola magetsi a m'nyumba, koma phokosolo liyenera kuchepa mukagwira nsambo. Likapanda kuchepa, waya wa earth m'kati waduka kapena sadauike n'komwe.

Ngati ndalama ndi zochepa kwambiri, yokopera Stratocaster ndiyo yosaika moyo pachiswe kusiyana ndi yokopera Les Paul. Khosi la masikuluwu mutha kulimasula, kulikhazika bwino kapena kusintha lonse, pomwe lomata ndi guluu likalakwika, lalakwika basi.

Mukagula, musathamangire kusintha ma pickup. Yambani ndi nsambo zatsopano, ndipo mupeze munthu wodziwa kuti aikhazike bwino: kutalika kwa nsambo, khosi ndi buliji. Vuto la kutaya tchuni nthawi zambiri limakhala pa kapulasitiki komwe nsambo zimadutsa kumutu. Kupakamo mtovu wa pensulo kumathandiza. Kumbukiraninso nyengo yathu. Thabwa limafufuma m'dzinja n'kunyala m'chilimwe, ndiye khosi lifunika kuliona kawiri pachaka. Okhala kunyanja, ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay, azipukuta nsambo akatha kuimba chifukwa dzimbiri silichedwa. Ndipo gitala isamasiyidwe m'galimoto yotseka padzuwa la October.

Anthu ovina paukwati kapena oimba nawo m'tchalitchi sawerenga dzina lolembedwa pamutu pa gitala. Amamva ngati yatchunidwa, amamvanso ngati zala zikudziwa chochita. Popita kukagula, tengani mnzanu woimba, foni yokhala ndi tchuna ndi mtima wodekha, ndipo wogulitsa akakana kuti muiyese pa ampulifaya, ndalama zanu zibwerere m'thumba.