Chotupa chomwe si khansa, koma chimasamukira m'mapapo

M'kalasi ya Biology timaphunzira kuti chotupa cha khansa chimafalikira m'thupi, pomwe chotupa chosakhala khansa chimakhala pamene chamera. Lamuloli ndi loona pafupifupi nthawi zonse, koma pali chotupa china cha m'chiberekero chimene sichilitsatira.

Tiyambe ndi ma fibroids. Khoma la chiberekero lili ndi minofu yamphamvu, ija imakankha mwana pobadwa. Nthawi zina maselo a minofuyi amachulukana n'kupanga chotupa cholimba, china chaching'ono ngati mtedza, china chachikulu ngati papaya. Amayi ambiri ali nazo zotupazi, makamaka amayi akuda, ndipo si khansa.

Tsono tangoganizani izi. Mayi anachitidwa opaleshoni yochotsa ma fibroids, kapena chiberekero chonse. Papita zaka 10, mwina kuposa. Tsiku lina akumujambula pachifuwa, dokotala akuona timadontho tozungulira m'mapapo. Ndi TB? Ndi khansa? Akudula kachidutswa n'kukaunika pa maikulosikopu, ndiye akupeza maselo a minofu ya chiberekero, ooneka bwinobwino, osachulukana mwaliwiro ngati a khansa. Matendawa amatchedwa benign metastasizing leiomyoma, ndipo anawafotokoza koyamba ndi dokotala wa ku America, Paul Steiner, mu 1939.

Nanga maselowo afika bwanji kumeneko? Akatswiri ambiri amaganiza kuti amalowa m'mitsempha ya magazi, mwina pa nthawi ya opaleshoni. Magazi ochokera m'chiberekero amapita kumanja kwa mtima, kenako m'mapapo. Timitsempha ta m'mapapo n'tating'ono zedi, choncho timagwira maselowo ngati sefa, basi iwo n'kuyamba kukula pang'onopang'ono.

Chosangalatsa n'chakuti maselowa saiwala kwawo. Ngakhale ali m'mapapo, amamverabe mahomoni a estrogen ndi progesterone. N'chifukwa chake zotupazi nthawi zambiri zimaleka kukula, kapena kuchepa kumene, mayi akasiya kusamba. Madokotala amagwiritsa ntchito zomwezi pochiza: amapereka mankhwala otsitsa estrogen, kapena kuchotsa tiziwalo topanga mazira. Chotupa chikamavutitsa kupuma amachichotsa, koma chikakhala phee amangochiyang'anira.

Kudziwa dzina lenileni la matenda n'kofunika kwambiri apa. Munthu akhoza kumwa mankhwala a TB kwa miyezi 6, kapena kulandira mankhwala amphamvu a khansa, pomwe vuto lake ndi lina. Chimene chimathandiza dokotala kulondola bwino ndi mbiri ya wodwala, ngakhale opaleshoni ya kalekale imene mwini wake anaiwala.

Ngati amayi anu kapena azakhali anu ali ndi ma fibroids, musawaopseze nazo izi. Kusamuka kotereku kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo si chifukwa chokanira opaleshoni imene dokotala walangiza. Ingowakumbutsani kusunga bwino buku lawo la kuchipatala, ndi kutchula opaleshoniyo nthawi iliyonse akapita kukaonana ndi dokotala.