Bitiruti pa chakudya cha nkhuku: phindu lili m'masamba

Alimi a kudimba omwe amatsala ndi bitiruti wosagulika amafunsa ngati angampatse nkhuku. Angathe, koma monga chowonjezera chabe. Pa magalamu 100 a muzu wa bitiruti, pafupifupi 88 ndi madzi ndipo mapuloteni safika magalamu 2. Nkhuku yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndipo chakudyacho chimayenera kukhala ndi mapuloteni osachepera magawo 16 pa 100. Ikakhuta bitiruti, imasiya madeya osakaniza ndi soya, ndipo mazira amachepa.

Ambiri amaganiza kuti kufiira kwa muzu kumawonjezera mtundu wa chikasu cha dzira. Si choncho. Utoto wofiirawo, wotchedwa betalain, umasungunuka m'madzi, pomwe chikasu cha dzira chimatenga mtundu kuchokera ku carotenoid, utoto wosungunuka m'mafuta wopezeka m'masamba obiriwira ndi m'chimanga chachikasu. N'chifukwa chake nkhuku zotsekeredwa m'khola zodya madeya a chimanga choyera zimaikira mazira otuwa m'kati. Ofuna kukonza zimenezi apatse nkhuku masamba a bitiruti, omwe nthawi zambiri amangotayidwa pokolola.

Masambawo ali ndi vuto lake. Muli oxalate, yemwe amamanga kashiyamu m'matumbo kuti thupi lisamugwiritse ntchito. Nkhuku yoikira imafuna kashiyamu wochuluka, magawo 3.5 mpaka 4 pa 100 a chakudya chake, choncho masamba akachuluka zigoba za mazira zitha kupyapyala. Apatsidwe pang'ono, osati tsiku lililonse, ndipo laimu wa ziweto asasowe m'khola.

Muzu uli ndi betaine, yemwe amathandiza nkhuku kusunga madzi m'thupi kukatentha ngati mu Okutobala. Koma wogwiritsidwa ntchito m'zakudya za kufakitale ndi woyengedwa, ndipo muzu wauwisi sungapereke mlingo womwewo. Mthunzi ndi madzi ozizira zikhale patsogolo.

Muzu udulidwe tizidutswa ndi kuperekedwa masana nkhuku zitadya kale, ndipo zotsala zichotsedwe zisanachite nkhungu. Alangizi achenjezenso alimi kuti bitiruti amatha kufiiritsa zitosi, zomwe zimafanana ndi magazi a matenda a kokisidiyosisi. Nkhuku zikakhala zamphamvu ndipo zikudya bwino, mlimi asiye kupereka bitiruti kwa masiku awiri n'kuonanso zitosi. Zikafooka, nthenga n'kunyankhalala, aitane mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.