Mau Atatu Ocita Cidwi pa Gitala

Anzanga ambiri amene aliza gitala pano pa sukulu adziwa ma chord atatu okha, C, F ndi G, ndipo nyimbo zao zonse zimveka ngati imodzi. Tsono ine ndifuna kukufotokozerani za augmented arpeggio, kanthu kakang'ono kokometsa nyimbo monga mcere ukometsa ndiwo.

Arpeggio ndiko kuliza mau a chord limodzi-limodzi motsatana, osati onse pamodzi. Inu a kwaya mudziwa doh, me, soh. Mukakweza soh pang'ono kuti akhale se, mwapanga augmented. Pa C mau ace ndi C, E ndi G sharp.

Cinsinsi cace ciri m'masamu. Timizere ta citsulo tiri pa khosi la gitala tichedwa mafureti, ndipo kucokera pa doh kufika pa doh wapamwamba pali mafureti 12. Mau atatuwa agawa mtunda umenewu mofanana, mafureti 4 pakati pa liu ndi linzace. Yesani pa nsambo yoyamba, yaing'ono ija ya pansi. Ilizeni osaigwira, ndiye E. Pa fureti 4 mupeza G sharp, pa 8 C, pa 12 E kaciwiri.

Koma kuthamanga pa nsambo imodzi kutopetsa dzanja, cotero citani motere. Ikani cala cacitatu pa nsambo yacisanu, fureti 3. Cala capakati cikhale pa nsambo yacinai, fureti 2. Mkombaphala agwire nsambo yacitatu ndi yaciwiri, zonse pa fureti 1. Lizani pang'ono-pang'ono kukwera ndi kutsika, liu liri lonse limveke bwino. Mukazolowera, sunthani dzanja lonse mafureti 4, kuti cala cacitatu cifike pa 7. Taonani, mau ndi omwe aja, angosinthana malo! Cifukwa ca ici ma augmented osiyana alipo 4 okha, ndipo wodziwa kagwiridwe kamodzi aka wadziwa onse.

Nanga nchito yace njotani? Augmented payekha amveka wosakhazikika, ngati munthu waima pakhomo osalowa. Muikeni pakati pa C ndi F. Pamenepo G akwera kunka ku G sharp, nafika pa A amene ali mu F, ndipo khutu la womva lipumula. A Beatles anayamba nyimbo yao ya "Oh! Darling" ya 1969 ndi chord ya mtundu womwewu, kuti womva ayembekeze cobwera.

Cenjerani ndi cimodzi: mcere ukacuruka ndiwo sizidyeka. Kamodzi kapena kawiri m'nyimbo kwakwana. Zala zidzapweteka masiku oyamba, makamaka mkombaphala, koma musataye mtima. Yesani nthawi yocepa tsiku ndi tsiku maphunziro akatha, kuti pa konsati ya kutsekera sukulu aphunzitsi athu ndi makolo adzamve zacilendo.