Kulera mwana m'banja la anthu a ku Japan

Anthu a ku Japan si alendo kwenikweni kuno kwathu. Achinyamata awo ogwira ntchito mongodzipereka anayamba kufika ku Malawi mu 1971, ndipo mu 2008 boma lawo linatsegula ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Ena mwa ogwira ntchito ku ofesiyo ndi ku bungwe la JICA amabwera ndi mabanja awo, choncho amafuna mlezi wa ana. Mwina mwayi umenewu ugwera inu kapena mwana wanu.

Choyamba kudziwa ndi ichi: mayi wa ku Japan sakonda kudzudzula munthu pamaso. Mukapempha chinthu iye n'kuyankha kuti "chotto..." osamaliza mawu, dziwani kuti wakana. Mlezi akhoza kumalakwitsa mwezi wathunthu, mayi akungomwetulira, kenaka n'kuuzidwa mwaulemu kuti ntchito yatha. Tsono musadikire kudzudzulidwa. Funsani, ndiponso nenani zonse.

Tikati zonse, tikunena ngakhale zazing'ono. Kumalo osungirako ana ku Japan kuli kabuku kotchedwa renrakucho, momwe alezi amalemba tsiku ndi tsiku nthawi imene mwana wagona, chimene wadya, kutentha kwa thupi lake, mpaka kangati wachita chimbudzi. Mayi wozolowera zotere akafika madzulo inu n'kungoti "waswera bwino", mtima wake sukhala pansi. Gulani kope, muzilemba. Mwana akagwa n'kusupuka bondo, nenani mayi asanaone yekha. Kubisa kabala kakang'ono kumathetsa ntchito msanga kuposa balalo. Nanunso mukaona kuti minibasi ikuchedwetsani ngakhale mphindi 10, imbani foni musanachedwe.

Thupi la mwana likatentha, musayambe mwaona kaye. Kwawo malungo anatha kalekale, ndipo mwana wotere angathe kufooka m'kanthawi kochepa. Imbirani makolo pomwepo, ndipo musam'patse mankhwala alionse iwo asanalole. Funsaninso komwe amasunga kabuku ka umoyo wa mayi ndi mwana, boshi techo, kofanana ndi kabuku kathu ka kusikelo. Uchi, umene ife timauyesa mankhwala, musapatse mwana wosakwana chaka. Mu 2017 khanda lina linamwalira ku Tokyo chifukwa cha tizilombo topezeka mu uchi, ndipo makolo a kumeneko amasamala kwambiri za nkhaniyi.

Kumenya ndiye musayerekeze, ngakhale kakhofi ka pathako. Kuyambira mu April 2020 lamulo la ku Japan limaletsa ngakhale kholo lenileni kulanga mwana pomumenya.

Za m'nyumba sizovuta. Nsapato zimavulidwa pakhomo, ndipo ngati kuchimbudzi kuli masilipasi akeake, musatuluke nawo. Ana amasamba madzulo. Amayamba atsuka thupi ndi sopo kunja kwa bafa, kenaka n'kulowa m'madzi ofunda kukangokhalamo. Madziwo amakhala ambiri, choncho musam'siye mwana yekha, ngakhale foni ilire chotani.

Pa chakudya, mwana amati "itadakimasu" asanadye ndi "gochisosama" akamaliza. Mukumbutseni akaiwala, makolo adzakondwa. Timitengo todyera musatizike chilili mu mpunga, poti amatero poperekera mpunga kwa omwalira. Kwa inu alongo amene simudya nkhumba, nenani poyera tsiku loyamba, chifukwa nyamayi imapezeka kawirikawiri m'zakudya zawo, ndipo mirin ndi sake zimene amathira m'ndiwo zili ndi mowa. Ndi bwino kugwirizana kuti muzibwera ndi chakudya chanu kusiyana ndi kumakankhira mbale pambali mwakachetechete, mayi n'kumaganiza kuti mwanyoza kuphika kwake. Nthawi ya swala muikambirenso tsiku lomwelo, kuti adziwe komwe mwana adzakhale pa mphindi zimenezo.

Chimodzi chokha simudzaphunzitsidwa: kubereka. Nawonso amabereka ana kumbuyo kuyambira kale, amati onbu. Koma chitenje sanachizolowere, ndipo mayi angachite mantha poona mfundo imodzi yokha pachifuwa. Muonetseni kamangidwe kake iye ali pomwepo, ayese kukoka mfundoyo yekha, ndipo akavomera ndiye muzim'bereka mwanayo.