Nyimbo Zathu ndi Wailesi ya ku Lusaka

Munthu wofuna kudziŵa mbiri ya nyimbo za ku Malaŵi, Zambia ndi Zimbabwe sangathe kulambalala nyumba ya wailesi ya ku Lusaka. Koma tisanaikhulupirire ngati mboni, tiyenera kufunsa: kodi wailesiyo idasunga nyimbo za makolo monga idazipezera, kapena idazisandutsa chinthu china?

Tiyambe ndi zimene zidachitika. Boma la Northern Rhodesia lidayamba kuulutsa mau ku Lusaka m'chaka cha 1941, kuti anthu azimva za nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha, Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, adakuza ntchitoyo mpaka idasanduka Central African Broadcasting Station, yotumikira anthu akuda a maiko atatu aja m'zilankhulo zao, Chinyanja chomwe. Koma anthu wamba analibe chomverera. Tsono m'chaka cha 1949 kampani ya Ever Ready idatulutsa kawailesi ka batire kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, ka mtengo wa mapaundi 5. Kuyambira pamenepo mau a ku Lusaka adaloŵa m'midzi ndi m'makomboni.

Ubwino woyamba wa nyumbayi ndi wakuti idakhala nkhokwe. Antchito ake ankayenda ndi galimoto m'midzi, kujambula ng'oma, kalimba ndi nyimbo za pamtondo. Motero Mcheŵa adamva kuimba kwa Mlozi, Mbemba namva kwa Mshona, anthu amene mwina sakadakumana moyo wao wonse. Ubwino wachiŵiri ndi wakuti idalumikiza anthu olekanitsidwa ndi ntchito. Pa pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa, mwamuna wogwira ntchito ku migodi ankalemba kalata yopempha nyimbo, napereka moni kwa mkazi wake kumudzi. Nyimbo idasanduka mthenga.

Komabe apa mpamene pagona nkhani. Kwa makolo athu nyimbo siinali kuima payokha. Inali ndi nthaŵi yake, malo ake ndi eniake: ya pamaliro inkaimbidwa pamaliro, ya chinamwali pakati pa namkungwi ndi anamwali. Inalibenso malire, popeza inkatha pamene ntchito kapena gule watha. Mbale ya galamafoni ya masiku amenewo inkatenga ngati mphindi zitatu zokha mbali imodzi. Choncho nyimbo idafupikitsidwa, ovina osaoneka, ndipo amene kale ankavomereza ndi kuomba m'manja adasanduka omvera chabe. Mau adatsala, koma mwambo umene unkaapatsa tanthauzo sudaloŵe m'makina.

Sitikunena kuti kusinthaku kudangoononga ai. Kudabalanso zatsopano. Chitsanzo chabwino ndi Alick Nkhata (1922–1978), amene atabwerako ku nkhondo ku Burma adagwirapo ntchito ndi Hugh Tracey, katswiri wojambula nyimbo za mu Afrika, kenaka nakhala muulutsi ku Lusaka. Iyeyu ankatenga maimbidwe akumudzi naŵaika pa gitala, naimba za moyo wam'tauni, za ndalama ndi za mabanja. Adachita zimene alangizi ankachita pabwalo, koma bwalo lake lidafika maiko atatu.

Tisaiŵalenso kuti nkhokweyi inali ndi mwini wake, ndiye boma la atsamunda. Pamene wailesi idayamba kukometsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidakhazikitsidwa mu 1953, omvera ambiri adaikayikira, ndipo aulutsi ena adanamiziridwa kuti ndi anamapopa. Wosankha zoti zimveke amasankhanso zoti zisamveke. Lamulo limeneli silidathe ndi atsamunda: lidagwirabe ntchito ngakhale Malaŵi atakhala ndi wailesi yakeyake, Malawi Broadcasting Corporation, mu 1964.

Tsono yankho lathu ndi ili: wailesi ndi mboni yoona, koma yoona mbali imodzi. Imatiuza mmene nyimbo inkamvekera, osati chifukwa chimene inkaimbidwira. Mbali yotsalayo ili m'mitu ya agogo amene adavina nyimbozo, ndipo iwoŵa akutha. Ife amene timaphunzira za chikhalidwe cha anthu, tikamva nyimbo yakale pa wailesi, tipite nayo kwa iwo tikafunse kuti inkaimbidwa liti, ankatsogolera ndani, ndipo ankaloledwa kuimva ndani. Paja mau a akuluakulu akoma akagonera, koma amakoma kwa yekhayo amene adaŵamva eniake akali moyo.