Chidede, mandimu ndi chidulo m'kalasi

Madzi ofiira omwe amatsala chidede chikawiritsidwa ali ndi anthocyanin, utoto wachilengedwe umene umasintha maonekedwe ukakumana ndi asidi kapena alikali, ndipo n'chifukwa chake mphunzitsi wopanda labotale angathe kuphunzitsira madziwa. Madziwa amagawidwa m'makapu atatu. Ana akathira madzi a mandimu m'kapu yoyamba, kufiira kumawala. Akathira chidulo m'kapu yachiwiri, madzi a phulusa osefedwa aja amene amayi amaphikira thelele, madzi a chidede amasanduka obiriwira, popeza chidulo ndi alikali, kutanthauza chinthu chothetsa mphamvu ya asidi. Wasayansi Robert Boyle analemba za njira yotere ku England mu 1664, pogwiritsa ntchito maluwa. Chomwe ambiri amachinyalanyaza ndi kapu yachitatu yosathiridwa kanthu, chonsecho popanda iyo ana alibe poyerekezera. Pothira chidulo, mphunzitsi aonetsetse kuti chisadonthere m'maso mwa ana.